Madzi a pa mjigo ku Epworth ndi nyenyezi zakhanda

Tambala asanalire kachiwiri, zigubu zimakhala zitandanda kale pa mijigo ya ku Epworth, kunja kwa Harare. Mayi wina wakhalira ndowa atafunda chitenje, wina akugwedeza mwana kumbuyo, ndipo pamzerepo Chishona chimasakanikirana ndi Chinyanja cha zidzukulu za matchona amene anabwera ku Halale kudzafuna ntchito. Nyumba zambiri kuno zilibe mpopi. Madzi ndi a pa mjigo kapena a m'chitsime cha pakhomo, ndipo kolera ya mu 2008 anthu sanaiiwale.

Nthawi imeneyo nyenyezi zimakhala zikuthwanimabe pamwamba pa miyala yosanjikizana ya Chiremba, ija inajambulidwa pa ndalama za Zimbabwe. Kumwamba komweko madzi akuchita kumwazika.

Nyenyezi imabadwira mumtambo wozizira kwambiri wa mpweya ndi fumbi. Pamene ikukula imameza zinthu zoizungulira, koma sizonse zimene zimalowa: zina imazilavula mwamphamvu mbali ziwiri, ngati paipi yophulika. Mpweya wolavulidwawo ukawomba mtambo uja, madzi oundana amene anamatirira pa tinjere ta fumbi amathothoka n'kusanduka nthunzi, ndipo kutenthako kumalumikizanso haidrojeni ndi okosijeni n'kupanga madzi ena atsopano.

Kuona zimenezi tili pansi pano n'kovuta, chifukwa chinyezi cha mumlengalenga mwathu chimaphimba. N'chifukwa chake mu 2009 bungwe la European Space Agency linatumiza makina oonera kutali a Herschel pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni kuchokera padziko. Mu 2011 Lars Kristensen ndi anzake a ku Leiden, pogwiritsa ntchito makinawa, anafotokoza za nyenyezi yakhanda yotchedwa L1448-MM, m'gulu la nyenyezi la Perseus, imene imaponya madzi pa liwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa ola. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 750 kuti kutifike. Herschel inasiya kugwira ntchito mu 2013, heliyamu woiziziritsa atatha.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi cha m'chigubu. Mu 2023 John Tobin ndi anzake, pogwiritsa ntchito makina a ALMA a ku Chile, anayeza madzi ozungulira nyenyezi ya V883 Orionis ndipo anapeza kuti akufanana ndi a nyenyezi za mchira zozungulira dzuwa lathu. Izi zikusonyeza kuti gawo la madzi athu linaundana mumtambo dzuwa lisanayake, zaka zoposa 4.5 biliyoni zapitazo. Madzi omwe amayi aja akupukusira mjigo, ena mwa iwo ndi akale kuposa miyala ya Chiremba ndi dzuwa lomwe.

Mpake mtima kuwawa kuti madzi oyenda ulendo wotere amalephera kufika pakhomo la munthu wa ku Epworth. Kukamacha mzere umakhala utatalika, ndipo ana asukulu amasenza kaye chigubu asanavale yunifolomu.