Nzeru za kachasu zili m'mabuku a ku Zomba

Mwana wa ku Kasina, m'boma la Dedza, akasankhidwa kupita kuyunivesite, makolo amafuna kumva kuti akukaphunzira udotolo kapena zamalamulo. Akangoti chemistry, nkhope zimagwa: nanga ntchito yake njotani?

Chonsecho ntchitoyo amaiona kuseri kwa nyumba. Mayi wotcheza kachasu, nthunzi ikamadutsa m'paipi yozizidwa ndi madzi n'kumadontha m'botolo, akuchita zomwe wophunzira organic chemistry amachita mulabotale ku University of Malawi ku Zomba, komwe mpaka 2021 tinkati ku Chancellor College.

Phunziroli ndi la zinthu zokhala ndi carbon: shuga, mafuta ophikira, sopo, mankhwala a kuchipatala ngakhalenso opopera mbatata ya kachewere. Kuloweza kokha sikupulumutsa munthu pamayeso. Amayenera kujambula mmene chinthu chapangikira n'kufotokoza chifukwa chake chikusanduka china.

Taonani zamowa zomwezi. Ethanol, amene amaledzeretsa, ali ndi carbon awiri ndipo amawira pa madigiri 78. Mbale wake methanol ali ndi mmodzi, amawira pa 65, koma akalowa m'thupi amasanduka asidi wochititsa khungu, penanso kupha kumene. M'botolo onse amangooneka ngati madzi, moti ngakhale chidakwa chotheratu sichingawasiyanitse ndi maso.

Zantchito nazo zilipo. Fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe mu 1982, ndipo PressCane ya ku Chikwawa inatsatira mu 2004. Wina mwa ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo amene akabaza a njinga zamoto amathira akamapita pa Linthipe.