Chipsera cha opaleshoni ya mphuno sichichoka, koma chimabisika

Chipsera cha pamimba munthu amachiphimba ndi malaya, cha pamwendo amachibisa ndi chitenje kapena buluku. Nanga cha pamphuno? Palibe chovala chofika pamenepo. N'chifukwa chake anthu amene akuganiza zokakonzetsa mphuno, kaya ku Johannesburg, ku London kapena ku Istanbul komwe opaleshoniyi ndi yotchuka kwambiri, funso lawo loyamba limakhala lakuti: "Kodi anthu azidzaona kuti anandicheka?"

Paliponse pamene mpeni wadutsa pakhungu pamatsala chipsera, ndipo palibe mafuta, jakisoni kapena makina amene angachifafanize chonse. Chomwe chimatheka n'kuchichepetsa mpaka munthu amene mukucheza naye asachione. Ntchito imeneyi imayamba opaleshoni isanachitike, ndipo imatha chaka chathunthu.

Zimayambira pomwe dokotala wacheka

Njira zokonzera mphuno zilipo ziwiri. Yoyamba, dokotala amacheka m'kati mwa mabowo a mphuno basi, choncho zipsera zonse zimatsalira m'kati. Njirayi ndi yakale ndithu: dokotala wa ku America, John Orlando Roe, anaifotokoza mu 1887.

Yachiwiri, amachekanso kamnofu kaja kolekanitsa mabowo awiri a mphuno, n'kufunyulula khungu kuti aone bwino fupa ndi chicherewecherewe. Kabala kake ndi ka mamilimita ochepa chabe. Madokotala sakonda kucheka mzere wowongoka pamenepa. Amacheka ngati chilembo cha V chozondoka kapena ngati sitepe, chifukwa chipsera chikamapola chimakokana, ndipo mzere wowongoka ukhoza kusiya kadzenje. Poti kali kunsi kwa mphuno, kakapola bwino sikaoneka munthu akakuyang'anani maso ndi maso.

Malo ofunika kusamala kwambiri ndi m'mbali, pomwe mphuno imakumana ndi tsaya. Munthu akafuna kuti mphuno yotambalala ichepe, dokotala amadula kanyama pamenepo, njira imene Robert Weir wa ku New York analemba mu 1892. Anthu ambiri akuda amene amakonzetsa mphuno amapempha zimenezi. Bala likagona ndendende mu mzere wachilengedwe wa pamenepo limabisika. Koma akadula nyama yambiri kapena akasoka mokoka, chipsera chimatambasuka, ndipo nyama yodulidwayo n'kovuta kuibwezeretsa.

Musachite manyazi kufunsa. Mucheka pati? Muchotsa zochuluka bwanji? Pemphaninso zithunzi za anthu a khungu ngati lanu, zojambulidwa patatha chaka, mutu atapenyetsa kumwamba. Zithunzi za pa Instagram zojambulidwa munthu adakali pabedi la opaleshoni sizikuuzani kanthu za chipsera.

Khungu lathu lili ndi khalidwe lake

Tonse tinaonapo mtsikana amene anaboola khutu kuti azivala ndolo, kenako pamalopo n'kumera chotupa cholimba. Madokotala amachitcha keloid. Ndi chipsera chimene sichidziwa polekezera, chimakula kupitirira malire a bala. Chimachitika kawirikawiri pakhungu lakuda kusiyana ndi loyera, ndipo chimayenda m'magazi.

Dziyang'aneni nokha musanapite. Mphini zimene anakutemerani muli mwana zinapola bwanji? Nanga pomwe anakubayani katemera pamkono, kapena pomwe anang'amba pobereka? Abambo, onani m'ndevu ndi kunkhongo komwe lumo limadutsa. Ngati pali potupa, muuzeni dokotala, ndipo mutchulenso abale anu amene ali ndi vutoli.

Mwayi wake ndi wakuti keloid imakonda makutu, chifuwa, mapewa ndi nsagwada. Pakati pa nkhope simerapo kawirikawiri. Vuto limene ambirife tingakumane nalo ndi lakuti malo ochekedwawo amada kuposa khungu lonse, kapena amatukuka pang'ono n'kulimba kwa miyezi ingapo.

Milungu iwiri yoyamba

Ulusi wa kunja nthawi zambiri amauchotsa pakatha masiku 5 mpaka 7. Ukakhalitsa umasiya timadontho m'mbali mwa mzere. Tsukani balalo monga dokotala wakuuzirani, ndipo muzipakapo mafuta amene wakupatsani kuti lisaume. Ambirife tinakula tikumva kuti chilonda chimapola chikapitidwa mphepo, koma bala lokhala lonyowa pang'ono ndi laukhondo ndi limene limapola msanga.

Nkhanambo isiyeni igwe yokha, olo iziyabwa chotani. Musamine mwamphamvu, mukafuna kuyetsemula yasamulani pakamwa, ndipo pogona mutu uzikhala pamwamba. Bala likayamba kutentha, kupweteka mowonjezereka, kununkha kapena kutuluka mafinya, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Matenda akalowa m'bala, chipsera chimakula.

Fodya ndiye mdani wamkulu. Nikotini amafinya timitsempha ta magazi, pomwe khungu la kunsonga kwa mphuno limadalira timitsempha tochepa kale. Madokotala amalangiza kusiya milungu yosachepera 4 opaleshoni isanachitike ndi inanso pambuyo pake, kuphatikizapo fodya wa magetsi ndi wofwenkha. Amene ali ndi matenda a shuga aonetsetse kuti shugayo ali pamlingo wabwino.

Silikoni, mthunzi ndi kudekha

Bala likatsekeka bwinobwino, nthawi zambiri pakatha milungu iwiri kapena itatu, mankhwala oyamba amene madokotala amadalira ndi silikoni. Amabwera ngati pulasitala kapena ngati mafuta oterera; pamphuno mafutawo ndi amene savuta. Amasunga chinyontho pachipsera kuti chisatukuke. Mumapaka pang'ono kawiri patsiku, kwa miyezi yosachepera iwiri kapena itatu. Kupaka sabata imodzi n'kusiya ndi kutaya ndalama.

Chachiwiri ndi dzuwa. Ena amati munthu wakuda safunika mafuta oteteza ku dzuwa, koma chipsera chatsopano chikawombedwa ndi dzuwa la mu Okutobala chimada, ndipo kudako kumachedwa kutha. Pakani mafuta a SPF 30 kapena kuposerapo m'mawa uliwonse, muzibwereza mukatuluka thukuta, ndipo chipewa kapena ambulera zisamakusiyeni kwa chaka. Kusisita chipsera kumathandiza ena, koma dikirani dokotala akuloleni, poti m'katimo zinthu zimakhala zisanagwirane. Malangizo omwewa amathandizanso makolo a ana amene anasokedwa mlomo wobadwa wong'ambika, ndi aliyense amene anasokedwa kumaso atachita ngozi.

Ndiye pali kudekha. Chipsera chimanyansa kwambiri m'miyezi iwiri kapena itatu yoyambirira, thupi likamaunjika zomangira pamalopo. Kenako chimayamba kufewa ndi kuphwa, ndipo chimakhwima pakatha miyezi 12 mpaka 18. Nsonga ya mphuno nayo imachedwa kuphwa, makamaka ngati khungu ndi lochindikala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Izi zokha ayi

Apa mpomwe ambiri amaonongera. Akaona kuti pachipsera pada, amathamangira mafuta oyeretsa khungu a pamsika. Ambiri mwa mafutawa ali ndi ma steroid amphamvu, hydroquinone kapena mercury. Amapyapyalitsa khungu, amachedwetsa bala kupola, ndipo hydroquinone wopakidwa nthawi yaitali akhoza kudetsa khungu kuposa poyamba, kuda kovuta kuchiza.

Mandimu, mankhwala otsukira mano, adyo ndi soda zimawotcha khungu lanthete. Ngakhale vitamin E amene anthu amamutama pa WhatsApp, kafukufuku wina wa mu 1999 anapeza kuti pa zipsera zambiri za opaleshoni sanathandize, ndipo munthu mmodzi mwa atatu alionse anatuluka zidzolo.

Chikakanika

Chipsera chikamatukuka, kulimba kapena kuyabwa kwambiri, musadikire chaka; bwererani kwa dokotala. Jakisoni wa steroid wotchedwa triamcinolone amachiphwetsa, koma amafuna dzanja lodziwa, chifukwa akachuluka amasiya banga loyera kapena kadzenje, zimene zimaonekera patali pakhungu lakuda. Makina a laser nawo akhoza kuwotcha ndi kudetsa khungu ngati wogwiritsa ntchitoyo sanazolowere khungu lathu. Kuchekanso chipsera ndi njira yomaliza, ndipo madokotala ambiri amadikira chaka chithe kaye.

Kwa amene akupita kunja, funso lalikulu si mtengo wa ndege. Ulusi adzachotsa ndani? Pakatha miyezi itatu chipsera chikatukuka, adzakuonani ndani? Konzani zimenezi musanakwere, ndipo mubwere ndi kalata yofotokoza zonse zimene anachita. Fufuzaninso ngati dokotalayo ndi wovomerezeka: ku South Africa mayina ali m'kaundula wa HPCSA, ku Britain wa General Medical Council, ndipo kuno kwathu ndi Medical Council of Malawi.

Pomaliza, dzifunseni chimene mukufuna kusintha, ndiponso amene mukumusinthira. Mphuno yotambalala si chilema. Ngati mwaganiza mofatsa ndipo chosankhacho ndi chanu, pitani mukudziwa kuti walira mvula walira matope: kamzere kadzakhalapo, ndipo kuti kabisike padzafunika dokotala wabwino, chipewa ndi chaka chimodzi cha chisamaliro.