Nkhunda nazo zimafuna dokotala

Ng'ombe ikadwala kumudzi kuno timathamangira kwa mlangizi wa ziweto, koma nkhunda ikazyolika timangoti yakwana nthawi yake. Ine zimenezi zimandidandaulitsa, chifukwa ana ena amene ndimaphunzitsa amagula makope ndi ndalama za maunda. Khola likatha, mwana amabwera m'kalasi chimanjamanja.

Vuto la mbalame n'lakuti imabisa matenda. Kutchire yooneka yofooka ndiyo imayamba kugwidwa ndi kabawi, choncho imadzilimbitsa mpaka mphamvu zitatheratu. Mukaiona itafufumitsa nthenga, ikutsegula m'mimba zobiriwira kapena itapinda khosi, dziwani kuti idayamba kudwala kale.

N'chifukwa chake madokotala a ziweto amati mbalame yosungidwa pakhomo, kaya nkhunda kaya chinkhwe, izionedwa kamodzi pachaka ngakhale ikudya bwino, ndipo yokalamba kawiri. Dokotala amaiyeza kulemera, kuyang'ana nsabwe m'nthenga, njoka za m'mimba, komanso zoyanga zachikasu kukhosi zimene zimapha maunda. Yogula kumene isungidwe payokha masiku 30 isanalowe m'khola. Apa m'pamene ambiri amagwa, poti munthu akagula nkhunda yokongola amafuna anzake aione tsiku lomwelo.

Ulendo wa kutauni ndi wodula, ndikudziwa. Koma katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso uja, amaperekedwa kwa nkhuku miyezi inayi iliyonse. Mlangizi akabwera m'mudzi, mupempheni asuzumirenso m'khola la nkhunda asanakwere njinga yake.