Galoni, Lita ndi Chigoba: Miyeso ya Kunja ndi ya Kwathu

Galoni, womwe ndi muyeso wa zinthu zamadzimadzi wochokera ku England, amagawidwa m'makwati anayi, ndipo kwati iliyonse imagawidwa m'mapainti awiri, kotero kuti wofuna kusintha magaloni kukhala makwati amangochulukitsa kanayi. Chovuta chagona pakuti magaloni alipo awiri osiyana kukula. Wa ku America, amene anachokera ku muyeso wakale wa vinyo wa m'nthawi ya Mfumukazi Anne, ndi malita 3.785, pamene wa ku Britain, amene lamulo la 1824 linamukhazikitsa potengera malo amene madzi olemera mapaundi 10 amatenga, ndi malita 4.546. Motero kwati ya ku America imaperewera pang'ono pa lita, pomwe ya ku Britain imapitirira, ndipo mgolo umodzi womwewo wa malita pafupifupi 200 umatchedwa wa magaloni 55 ku Texas koma wa magaloni 44 m'maiko amene ankalamulidwa ndi Britain.

Ku Malawi mafuta a galimoto amagulitsidwa pa lita, muyeso umene unayambira ku France mu 1795, koma pamsika wa mbewu chimene chimalamula ndi chiwiya chenichenicho: ndowa ya malita 20, chigoba cha malita asanu, kapena mbale. Wogula amayang'anitsitsa pamene wogulitsa akuthira chimanga mpaka kutumphuka pamwamba, amadandaula ngati chasalazidwa ndi dzanja, ndipo kawirikawiri amapempha banyira, ndiye kuti kowonjezera kaulere kosangalatsa kasitomala. Muyeso wotere uli ndi ubwino umene sikelo ilibe, pakuti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga amauona ndi maso n'kutha kutsutsa.

Komabe muyeso umenewu nthawi zambiri umapweteka mlimi, chifukwa venda amatha kugula ndi chigoba chofutukuka m'mbali n'kukagulitsa ndi china chophwanyidwa kunsi, ndipo malita, amene amayeza kukula kwa malo, sanena kanthu za kulemera kwa mbewu imene sinaume bwino. Kusiyana kwa magaloni awiri aja kunalembedwa m'malamulo, choncho aliyense angathe kukuwerengera, pamene kusiyana kwa zigoba kumadziwika ndi mwini chigoba yekha. N'chifukwa chake ntchito yoyendera miyeso, imene ili m'manja mwa bungwe la Malawi Bureau of Standards, iyenera kufika m'misika ya kumidzi nthawi yokolola, osathera pa mapampu a mafuta m'tauni.