Nyambo ya Msilikari: Maseŵera a Chesi a Fischer ndi Spassky

Amene munakulira kwa Mfumu Nsefu, m'cigwa ca Luangwa, mudziŵa kuti katswiri wa nsolo amaoneka pa kufesa kwace koyamba. M'maseŵera a chesi ziri cimodzimodzi. Aliyense ali ndi ankhondo 16 pa thabwa la nyumba 64, ndipo amene ayamba kulanda nyumba za pakati ndiye amalamulira nkhondo.

Pa 23 July 1972, mu mzinda wa Reykjavik ku Iceland, Bobby Fischer wa ku America anakomana kacisanu ndi cimodzi ndi Boris Spassky wa ku Russia, polimbirana ufumu wa chesi pa dziko lonse. Fischer anazoloŵera kuyamba ndi msilikari wa patsogolo pa mfumu, ndipo Spassky anakonzekera zimenezo. Koma tsiku limenelo anasintha, naloŵa m'ciyambi cochedwa Queen's Gambit.

Ciyambi cimeneci ndi nyambo. Woyera amapereka msilikari wa m'mbali kuti wakuda amudye, ndipo wakudayo akatero amacotsa msilikari wace pakati, nasiya malo abwino m'manja mwa mdani. Spassky anaikana nyamboyo, natsata njira ya Tartakower imene anaidziŵa bwino. Fischer sanathamange, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Pa kuyenda kwa 20 anakankhira msilikari pakati. Spassky anamlambalala posuntha wace patsogolo, ndipo pomwepo njira ya bishopu wa Fischer inatseguka, kulunjika kwa mfumu yakuda. Pa kuyenda kwa 41 Spassky anagonja, naomba m'manja pamodzi ndi oonerera, kulemekeza mdani wace. Kucokera tsikulo Fischer anatsogola kufikira anatenga ufumuwo.

Musaganize kuti nzeru zotere nza kutsidya kwa nyanja kokha. Amon Simutowe, mwana wa Zambia, anapambana akuluakulu onse a dziko lino ali ndi zaka 14. M'caka ca 2007 anapambana mpikisano wa ku Arnhem, ku Holland, ndipo mu 2009 analandira dzina la Grandmaster, woyamba kum'mwera kwa cipululu ca Sahara.

Tsono inu amene muphunzira chesi mukaŵeruka ku nchito, musaloŵeze mayendedwe pamtima cabe. Mnzanu akakupatsani msilikari waulere, yambani mwafunsa cimene afuna kutenga m'malo mwace. Tsalani bwino.