Thabwa loyera pa tebulo la mlombwa: vuto limayambira kumunda

Tsiku lina ndinapeza mkangano pa shedi ya kalipentala wina pamsika. Mphunzitsi wina analipiriratu kuti amupangire tebulo la mlombwa, koma pobwera kudzatenga anapeza kuti pamwamba pake pali matabwa anayi osafanana: awiri ofiirira, limodzi lodera, ndipo lina linali ndi mzere woyera m'mbali. Iye anakana kulitenga ponena kuti amusakanizira mitengo. Kalipentala uja analumbira kuti matabwa onsewo ndi a mlombwa.

Kalipentalayo sananame. Mlombwa, umene anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe amati mukwa, ku Mozambique umbila ndipo ku South Africa kiaat, sukhala ndi mtundu umodzi. Mitengo iwiri ya paphiri limodzi ingathe kutulutsa matabwa osiyana, ena achikasu chodera, ena ofiira, ena okhala ndi mizere yakuda. Kusiyana kumeneku si chilema ayi. Koma mphunzitsi uja sanalakwe kukayikira mzere woyerawo, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza mlimi.

Mtima ndi mbali yoyera

Mukadula chipika cha mlombwa mumaona zigawo ziwiri. Pakati pali mtima wofiirira, ndipo kuzungulira mtimawo, pansi pa khungwa, pali mbali yoyera. Mbali yoyerayi ndiyo imayendetsa madzi ndi kusunga chakudya mtengo ukadali moyo. Mtima ndi gawo lakale limene linasiya ntchitoyo, ndipo mtengo umalidzaza ndi zinthu zimene zimalipatsa mtundu ndi fungo, komanso kuliteteza ku chiswe ndi tizilombo toboola matabwa.

Choncho mtima wa mlombwa umakhala zaka zambiri osafumbwa, pamene mbali yoyera, poti ili ndi chakudya, ndiyo tizilombo timathamangirako. Mukaona ufa wosalala pansi pa mpando kapena bedi, yang'anani bwino, kawirikawiri timabowo timakhala pa mbali yoyera.

Chimene mlimi amataya podula mtengo waung'ono

Mbali yoyera ya mlombwa imakhala yochindikala pafupifupi masentimita 4 kapena 5, kaya chipika n'chaching'ono kapena chachikulu. Tiyerekeze kuti ndi masentimita 5. Pa chipika cha masentimita 25 kuchoka mbali ina kufika ina, mtima umatsala masentimita 15 okha, ndiye kuti ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a chipikacho. Koma pa chipika cha masentimita 50, mtima umakhala masentimita 40, pafupifupi magawo awiri mwa atatu.

Apa n'zoonekeratu kuti mlimi amene walola ocheka matabwa kugwetsa mlombwa waung'ono wagulitsa kwambiri mbali yoyera. Matabwa ake amakhala ochepa m'lifupi, ndipo pafupifupi lililonse limatuluka ndi mzere woyera. Kalipentala wodziwa ntchito amawatsitsa mtengo pogula, ndipo wosadziwa amakakangana ndi makasitomala.

Tisaiwalenso kuti mlombwa umakula pang'onopang'ono. Mbewu ikamera, mphukira yake imauma chaka ndi chaka m'chilimwe kwa zaka zingapo pamene muzu ukukula pansi, kenaka m'pamene tsinde lenileni limayamba kukwera. Kuti mtengo ufike pochekedwa pamapita zaka makumi angapo. Mtengo umene mukudula lero munaupeza, ndipo umene mukuusunga adzacheka ndi adzukulu anu.

Kuumitsa matabwa

Mtundu wa thabwa ungathenso kuwonongeka pambuyo pocheka. Matabwa aawisi akaunjikidwa pansi popanda mpata amachita nkhungu, makamaka pa mbali yoyera, ndipo mawanga akewo amalowa mkati moti kupala sikuwachotsa onse.

Sanjani matabwa pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa kuti asakhudze dothi. Pakati pa mzere uliwonse ikani timitengo touma totalikirana masentimita 60, tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba kuti matabwa asapindike. Timitengo tatiwisi timasiya zidindo pathabwa. Musasiye misomali, waya kapena malata adzimbiri pa matabwa onyowa chifukwa chitsulo chimadetsa thabwa. Kumapeto kwa thabwa pakani penti yotsala kuti lisang'ambike. Thabwa la inchi imodzi limafuna miyezi ingapo kuti liume bwino.

Chinthu china chosalira ndalama ndi ichi: pocheka, lembani nambala ndi choko kapena makala pa matabwa a chipika chimodzi monga mmene akutulukira, ndipo muwagulitse pamodzi. Matabwa a mtengo umodzi amafanana mtundu kuposa a mitengo yosiyana, kotero mulu wotere ndi wosavuta kuunenerera mtengo wabwino.

Ntchito ya kalipentala

Musanadule thabwa lililonse, palani pang'ono matabwa onse, muwayale pabwalo masana, ndipo muwapukute ndi kansalu konyowa. Thabwa lonyowa limaonetsa mtundu umene lidzakhale nawo mukapaka vanishi. Ofanana kwambiri asungireni pamwamba pa tebulo, zitseko za kabati ndi kumutu kwa bedi. Oderako apite kumiyendo ndi m'mbali. Ngati simungapewe kusakaniza, sanjani mwadongosolo, lodera pakati ndi owala mbali zonse ziwiri, kuti diso lione kuti munachita dala.

Mbali yoyera ichekeni n'kuichotsa pa zigawo zonyamula katundu monga miyendo ndi mafulemu. Ikatsala pang'ono, ikhale kumbuyo kapena kunsi, ndipo ipakidwe mankhwala oteteza matabwa.

Kuwala kwa dzuwa nako kumasintha mtundu. Mbawa ikangopalidwa imaoneka yofiira motuwa, koma pakapita miyezi imadera. Akalipentala a ku America amakumana ndi zomwezi pa mtengo wa cherry, umene umapezeka kwambiri m'chigawo cha Pennsylvania. Iwo amayala matabwa opala padzuwa masiku angapo asanapake vanishi, ndipo amachenjeza ogula kuti asasiye chinthu malo amodzi pa tebulo latsopano. Langizo limeneli ndi lothandiza pa mbawa yathunso. Kansalu kapena wailesi ikakhala malo amodzi miyezi yoyambirira, mukadzachotsa mudzapeza chigamba chowala. Chigambacho chimafanana ndi kwina pang'onopang'ono chikayamba kuona kuwala.

Nanga utoto wodetsa matabwa? Ungathandize kufananitsa thabwa lowala ndi anzake, koma yesani kaye pa chidutswa chotsala. Dziwani kuti utoto umasintha maonekedwe okha. Mbali yoyera yopakidwa utoto imafumbwabe, ndipo kuigulitsa ngati mtima ndi kuba.

Kwa ogula ndi eni mitengo

Inu ogula, gadabuzani tebulo muone kunsi kumene sikupakidwa vanishi, muonenso kumapeto kwa matabwa. Kusiyana kwa kufiira ndi kudera kusakuopseni. Chofunika kufunsa ndi mbali yoyera.

Inu alimi, musanagwetse mlombwa kapena mbawa kafunseni ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu za chilolezo. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, lili ndi zilango kwa odula mitengo yachilengedwe mosatsata dongosolo. Mphukira za mlombwa zimene zili m'munda ndi m'malire zisiyeni polima, ndipo muzilambulire udzu moto wa mu Seputembala ndi Okutobala usanafike, chifukwa moto wochedwa umapha timitengo ndi kusiya zilonda pa mitengo ikuluikulu.

Mkangano wa pamsika uja unatha pamene kalipentala anavomera kuchotsa thabwa la mzere woyera ndi kuikapo lina la mtima wokhawokha. Lodera lija mphunzitsi analola kuti likhale, atamva kuti ndi mlombwa womwewo. Koma kalipentalayo anayenda masiku angapo asanapeze thabwa lalikulu lopanda choyera, chifukwa ocheka a m'deralo ankabweretsa matabwa a mitengo ing'onoing'ono yokhayokha.