Bowa wa pakhomo amayambira m'mapesi

Anthu akandifunsa za ulimi wa bowa, ambiri amakhala akuganiza za utale kapena manyame. Ameneyo musiyeni kutchire: utale umadalira chiswe cha pachulu, manyame amadalira mizu ya mitengo ya m'nkhalango. Amene mungalime pakhomo mosavuta ndi bowa wa oyisitala, chifukwa iyeyu amadya zotsalira zakumunda.

Ine ndimakonda mapesi a chimanga. Amapezeka paliponse tikakolola, ndipo mtima umandiwawa ndikamaona akutenthedwa. Mapesi a mpunga, zitsononkho ndi masamba ouma a nthochi nazonso zimabereka. Utuchi ndiye wofunika kusamala: wa paini uli ndi utomoni umene umachedwetsa bowa, choncho funsani kaye mtengo umene anacheka.

Mapesi akhale ouma, opanda chuku. Aduleni tizidutswa, muwaviike m'madzi usiku wonse, kenaka muwatsanule. Mukafinya m'dzanja pazituluka dontho limodzi kapena awiri basi. Madzi akamachucha, mapesiwo adzaola. Kagaga pang'ono kamawonjezera chakudya, koma mukachulutsa mwaitana chuku chobiriwira.

Apa ndi pamene sindinyengerera: mapesi aphikidwe ndi nthunzi mumgolo kwa maola angapo kuti tizilombo tife. Akazizira, sambani m'manja, muwasakanize ndi mbewu ya bowa, ija imabwera itamera pa njere za mapira, n'kulonga m'majumbo. Ikani pamdima milungu itatu kapena inayi. Jumbo ikayera yonse, ibooleni, muilowetse m'chisakasa chozizira cholowa mpweya, ndipo muziwaza madzi tsiku lililonse.